Chiwongolero Chikayamba Kuvina: Zoyenera Kuona Kutsogolo kwa Pikapu Yaikulu Musanaigule

Tinali titangowoloka mlatho wa Linthipe, tikulunjika ku Dedza, ine ndi alamu anga amene anali atangogula pikapu yaikulu ya dizilo kwa munthu wina mu Lilongwe. Galimoto inali yosiririka, matayala akuluakulu, penti ngati yatuluka dzulo m'fakitale. Liwiro linali cha m'ma 80. Tayala la kumanzere linangogunda kadzenje kosati n'kudetsa nkhawa, ndipo pompo chiwongolero chinayamba kuvina m'manja mwawo, uku ndi uku, mwamphamvu moti foni imene inali pa dashibodi inagwa pansi, boneti ikuoneka ngati ithothoka. Alamu anafuna kuponderatu mabuleki. Ndinawakuwira kuti achotse phazi pa mafuta, agwiritse chiwongolero ndi manja awiri, aziponda pang'onopang'ono. Kunjenjemerako kunaleka titatsala pang'ono kuima. Titatsika n'kusuzumira pansi, chatsopano chinali chimodzi chokha: dampa ya sitelingi (shoko yofewetsa kugunda kofika pa chiwongolero), yowala, sitika yake isanamatuke n'komwe. Zina zonse zinali zothaitha.

Ku America, kwawo kwa mapikapu akuluakulu ngati Ford F-250, Ram 2500 ndi Chevrolet Silverado 2500HD, vuto ili amalitcha death wobble. Limakwiyitsa chifukwa ukalikonza limakhala chete miyezi ingapo kenako n'kubwereranso. Ambiri likawachitikira amalumbira kuti sadzagulanso galimoto ya axle imodzi (imene magudumu onse akutsogolo ali pa chitsulo chimodzi), n'kuthamangira ku mtundu winawo, umene gudumu lililonse limayenda palokha, osadziwa kuti nawonso uli ndi matenda ake, kungoti sufuula. Ine ndimaona kuti funso loti "mtundu wabwino ndi uti" limabwera pambuyo. Loyamba n'lakuti: galimoto imene yaima patsogolo panuyi, mfundo zake za kutsogolo, pomwe zitsulo zimalumikizana, zatha bwanji?

Gwadani muone chimene chili pansi

Musamve za wogulitsa. Gwadani kutsogolo ndi tochi. Mukaona chitsulo chonenepa chochoka ku gudumu lina kukafika ku linzake, chokhala ndi chimimba cha difu (magiya ogawira mphamvu ku magudumu), imeneyo ndi solid axle. Magudumu onse awiri ali pa mtengo umodzi, lina likagunda mwala linzake limamva. Mukaona kuti difu yamangidwa ku chasisi, gudumu lililonse lili ndi mikono yakeyake iwiri, wapamwamba ndi wapansi, ndiponso shafiti yokhala ndi mphira wamakwinya, imeneyo ndi independent, imene ambiri amangoti IFS.

Ford Super Duty (monga F-250 ndi F-350) za 4x4 zonse kuyambira 1999 zili ndi solid axle, koma si zofanana. Za 1999 mpaka 2004 zimakhala pa masipuling'i a mapale, pomwe kuyambira 2005 anaika masipuling'i opiringizika ndi mikono iwiri yaitali yochokera ku chasisi, ma radius arm. Dodge, imene pano ndi Ram, inapita ku masipuling'i opiringizika kale mu 1994. Chevrolet ndi GMC anatenga njira ina: kuyambira 1988 anayamba kusiya solid axle, ndipo ma 2500HD ndi 3500HD awo ali ndi IFS yoyendera ma torsion bar, zitsulo zazitali zimene zimapotoka m'malo mwa sipuling'i. Kuno kwathu nkhani yomweyi mumaiona pa Land Cruiser 79 ndi Hilux. Land Cruiser ili pa solid axle, ndipo kuyambira 1999 kutsogolo kwake kuli masipuling'i opiringizika. Hilux ya 4x4 inasiya axle imodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira 2005 ili ndi mikono iwiri ndi sipuling'i yozungulira shoko.

Chaka cha galimoto n'chofunika pa chifukwa ichi: masipuling'i a mapale amagwira axle kuti isasunthire cham'mbali, koma opiringizika sangathe. Pa galimoto ya opiringizika ntchito yonseyo yasiyidwa m'manja mwa chitsulo chimodzi chopingasa, track bar, imene ena amati panhard rod. Tifikako.

Kunjenjemera kuli mitundu

Anthu ambiri amawononga ndalama chifukwa chosasiyanitsa. Ngati chiwongolero chimanjenjemera pang'ono mukafika pa liwiro linalake, n'kuleka mukapitirira kapena mukatsika, kawirikawiri ndi matayala: sanabalansidwe, limu yapindika, kapena m'kati mwa limu mwaumira matope. Ngati chimanjenjemera pokhapokha mwaponda mabuleki, yang'anani madisiki. Izi ziwiri zimachitika pa mtundu uliwonse ndipo n'zosavuta.

Chachitatu ndi chija cha pa Linthipe. Chimayambitsidwa ndi chinthu: dzenje, mpata wa pa mlatho, bampu yogundidwa ndi gudumu limodzi. Chikayamba sichileka chokha, ndipo kuwonjezera mafuta n'kuika moyo pachiswe. Chimaleka mukachepetsa liwiro kwambiri. Ichi ndi cha solid axle. Koma dziwani kuti matayala oipa, ofewa, kapena opopedwa mosiyana amachiputa msanga. N'chifukwa chake musanamasule bawuti iliyonse, pimani mpweya malinga ndi sitika ya pa chitseko cha dalaivala, ndipo ngati n'kotheka sinthanitsani matayala akutsogolo ndi akumbuyo muone ngati chasintha.

Mmene zimayambira, ndi mmene mungazigwirire

Track bar imachoka ku chasisi mbali imodzi n'kukamangika pa axle mbali inayo. Pafupi nayo pamayenda drag link, chitsulo chochoka ku bokosi la sitelingi kupita ku gudumu. Bokosi la sitelingi lili pa chasisi, magudumu ali pa axle. Ndiye taganizani bushi ya track bar, mphira wa pa nsonga yake, itatha. Gudumu likagunda dzenje, axle yonse imasunthira cham'mbali pang'ono, koma drag link yagwiridwa ndi bokosi, siisuntha. Zotsatira zake magudumu amakhota okha popanda inu kukhudza chiwongolero. Kenako amafuna kubwerera pakati, amapitirira, axle n'kusunthira mbali inayo, n'kukhotanso. Zimenezi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi, ndipo mfundo iliyonse yogwedera imawonjezera mpata woti zikule. Pamwamba pa zonsezo pakhala injini yolemera. Injini ya Cummins ya malita 6.7, ya mu Ram, payokha ili pafupifupi makilogalamu 500.

Njira yogwirira wakubayu siifuna makina. Imitsani galimoto pamalo osalala, matayala ali pansi, osaikweza pa jeke. Mangani handibuleki, ikani miyala ku matayala akumbuyo. Lizani injini, mnzanu akhale m'kati azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mofulumirirapo, pang'ono chabe, osazungulitsa. Inu mugone chapambali kutsogolo ndi tochi, kutali ndi fani ndi malamba. Yambani ndi nsonga zonse ziwiri za track bar. Chitsulocho ndi bulaketi yake ziyenera kukhala ngati chinthu chimodzi. Mukaona chitsulo chikuyamba kusuntha bulaketi isanasunthe, ngakhale mpata wake ukhale ngati chikhadabo, mwachipeza. Pa galimoto ya alamu sitinavutike n'kuyang'anitsitsa: kuika chala pa mutu wa bawuti kunkamveka "gu, gu" nthawi iliyonse chiwongolero chikatembenuka, ndipo mozungulira wochara munali kafumbi kofiira ka dzimbiri. Kafumbi kameneko ndi mboni yosanama. Kamatuluka pomwe zitsulo ziwiri zoyenera kugwirana zikupekesana.

Mukachoka apo tsatirani mfundo zonse: pomwe drag link ikumana ndi pitman arm (mkono wotuluka pa bokosi la sitelingi), ma tie rod end onse (mfundo za pa nsonga za zitsulo zokhotetsa magudumu), ndi mabushi a ma radius arm kapena mikono ina yogwira axle. Onaninso bokosi la sitelingi lenilenilo. Ngati likusuntha pa chasisi, fufuzani mng'alu mozungulira mabawuti ake, ndipo ngati shafiti yake yotulukira pansi ikupendekeka uku ndi uku m'malo mongozungulira, bokosi latha.

Mukatero ikani jeke pansi pa axle, kwezani gudumu, ikani sitandi. Musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Matani atatu sakambirana ndi munthu. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, likankheni ndi kulikoka. Likagwedera, ndi bering'i kapena ma ball joint, mfundo zimene gudumu limakhoterapo. Kuti musiyanitse, mnzanu aponde buleki inu mukugwedezabe: kugwederako kukatha ndi bering'i, kukapitirira ndi ma ball joint. Kenako lowetsani chitsulo chachitali pansi pa tayala n'kulitukula mukuyang'ana mfundozo. Pa Ford za kuyambira 1999 ndi Dodge za kuyambira 1994 bering'i imabwera yomatidwa pamodzi ndi habu, siithinidwa, ikatha mumagula yonse.

Land Cruiser ili ndi pakepake. Ilibe ma ball joint. Gudumu limakhota pa mabering'i awiri ang'onoang'ono, wapamwamba ndi wapansi, m'kati mwa chibulunga chachitsulo kumapeto kwa axle. Amenewa akalobodoka amabweretsa kuvina komweku, ndipo amathinidwa ndi timashimu. Yang'anani kuseri kwa gudumu. Girizi pang'ono pa chibulungacho si vuto. Koma mukaona zamadzimadzi zakuda zikuyenderera mpaka kunyowetsa limu, silu ya m'kati yatha, oyilo wa difu wasakanikirana ndi girizi, ndipo posachedwa pafunika kuphwasula mbali yonseyo. Ubwino wake mabering'i a gudumu amathinidwa ndi soketi ya 54, ndipo amakaniko ambiri kuno ntchitoyi amaidziwa.

N'chifukwa chiyani limabwereranso?

Apa ndi pomwe ndimamva chisoni, chifukwa anthu amalipira kawiri katatu pa vuto limodzi.

Choyambirira ndi dampa. Dampa ya sitelingi ndi shoko yopingasa, ntchito yake n'kufewetsa kugunda kofika m'manja. Yatsopano imatha kuphimba kugwedera kwa mfundo zotha kwa kanthawi, mpaka nayo itatopa. Galimoto yomwe mfundo zake zili bwino siyenera kuvina ngakhale dampa itachotsedwa. Choncho pa galimoto yogulitsa, dampa yatsopano pakati pa zitsulo zakale ndi chikomekome cha mkuyu. Mukaona awiri omangidwa pamodzi, funsani kuti anaikidwa chifukwa chiyani.

Chinanso n'kusintha chinthu chimodzi chokha. Kuvina kukachitika kangapo kumamenya mfundo zonse, ndiye ngakhale woyambitsa anali track bar, pofika lero ma tie rod end ndi ma ball joint nawonso avulala. Mukasintha chimodzi, galimoto imakhala chete mpaka zinazo zitafika poipa.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri: kumangitsa mabawuti a mabushi galimoto ili m'mwamba, axle ikulendewera. Mphira wa bushi ndi womatidwa ku chitsulo chake. Mukauthina uli pamalo olakwika, galimoto ikatsika umakhala wopotoka usana ndi usiku, ndipo sutenga nthawi kung'ambika. Mabawuti amenewa amamangitsidwa galimoto itaima pa matayala ake, ndi sipanala yopima mphamvu, kufika pa muyezo wa m'buku la galimotoyo. Bawuti ya track bar imafuna mphamvu zambiri kuposa zimene dzanja limaganiza. Ndipo musanaike bawuti, yang'anani bowo la bulaketi. Ngati inayenda nthawi yaitali yokhwefuka, bowo limakhala litakula ngati dzira. Pamenepo ngakhale mutaika track bar yatsopano idzagwederabe mpaka bowolo litakonzedwa ndi wowotcherera wodziwa.

Chomaliza ndi kukweza galimoto. Caster ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere umene gudumu limakhotera, monga foloko ya njinga yakapalasa, ndipo ndi imene imabwezera chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Mukaika masipuling'i aatali pa galimoto ya ma radius arm, axle imagudubuka pang'ono ndipo caster imachepa. Galimoto imayamba kuyendayenda mumsewu ngati yaledzera, kuvina kumayamba mosavuta, ndipo ngati track bar ndi drag link zasiya kuyenda mofanana, chiwongolero chimadzikoka chokha pa bampu iliyonse. Walira mvula walira matope: wofuna galimoto yaitali ndi matayala akuluakulu avomerenso kulipira zokonzera caster. Pochita alainimenti pemphani pepala la manambala, chifukwa malo ambiri amangokonza toe, kulunjika kwa magudumu, n'kukuuzani kuti zatheka.

IFS siivina, koma imadya mwakachetechete

Pa phula, Silverado kapena GMC Sierra imayenda mofewa ndipo imamvera chiwongolero kuposa anzake a axle imodzi. Gudumu lina likagunda dzenje linzake silimva, ndipo kuvina kwa mtundu uja n'kosowa. Koma mfundo zake n'zambiri, ndipo zikamatha chizindikiro choyamba chimakhala pa matayala. Yendetsani chikhatho pa tayala lakutsogolo, makamaka m'mphepete mwa m'kati mmene maso safika. Likadyeka mbali imodzi, kapena mano ake akakhala akuthwa mbali ina ngati sowo, magudumu sakuyenda molunjika. Likakhala ndi timaenje motsatizana, mashoko atha. Matayala atsopano kutsogolo kokha, akumbuyo ali akale, afunseni bwino.

Pa galimoto za GM, kampani yopanga Chevrolet ndi GMC, chitsulo chapakati cha sitelingi chimagwiridwa ndi pitman arm mbali imodzi ndi idler arm, mkono wongochirikiza womangidwa ku chasisi, mbali inayo. Awiriwa ndiwo amatha msanga. Pa mayeso aja ogwedeza chiwongolero, chitsulo chapakaticho chiyenera kuyenda cham'mbali basi. Chikamadumpha m'mwamba ndi pansi, mmodzi mwa awiriwo kapena onse apita. Ma tie rod a galimoto za 2001 mpaka 2010 ndi owonda poyerekeza ndi kulemera kwa injini ya Duramax, ndipo amapindika galimoto ikakakamizidwa mu 4x4 ndi matayala akulu. Mu 2011 GM inasintha chasisi n'kulimbitsa kutsogolo, choncho ngati thumba likulola, zaka zimenezo kupita m'tsogolo n'zabwinopo.

Poyesa ball joint yapansi, jeke ikhale pansi pa mkono wapansi, pafupi ndi gudumu. Mukakweza pa chasisi, torsion bar imakankha mkonowo n'kuthina mfundoyo, ndipo yotha imaoneka ngati yabwino. Finyani mphira wamakwinya wa mashafiti muone ming'alu. Girizi womwazika mozungulira m'kati mwa limu akutanthauza kuti mphira wabooka, ndipo pa msewu wa fumbi CV joint, mfundo ya m'kati mwa mphirawo, ikalowa mchenga siichedwa kutha. Pa malo otakasuka ikani 4x4 pa dothi, khotetsani mpaka kumapeto, yendani pang'onopang'ono. Mukamva "ta, ta, ta", yatha kale.

Chimene ndimayang'anitsitsa kwambiri pa mtundu uwu ndi mabawuti a ma torsion bar, amene ali chapakati pa galimoto, pansi pa kabini. Kuwamanga kumakweza mphuno ya galimoto popanda kugula kalikonse, ndipo ambiri amatero kuti alowetse matayala akulu kapena abise kutsika kobwera ndi chitsulo choteteza kutsogolo ndi winchi. Mukaona mabawutiwo amangidwa mpaka kumapeto, mashafiti atapendekera pansi kwambiri, mkono wapamwamba utatsala pang'ono kukhudza poimira pake, dziwani kuti ball joint yapamwamba, ma CV ndi ma tie rod akhala akugwira ntchito atapindika. Galimoto yotero imadumpha ngati ngolo. Pimaninso ndi tepi kuchoka pakati pa gudumu kufika pa madigadi mbali zonse ziwiri; zikasiyana kwambiri, funsani.

Pali mtundu wachitatu umene mungakumane nawo pa F-250 ndi F-350 zosakhala 4x4: Twin I-Beam, imene Ford inayamba mu 1965. Ndi mitengo iwiri yachitsulo yopingasana, uliwonse wonyamula gudumu lake. Ndi yolimba, koma masipuling'i akatopa magudumu amapendekera m'kati n'kumadya matayala. Imani patali kutsogolo kwake muone ngati magudumu aima chilili.

Ndiye mugule iti?

Ngati galimoto izikhalira misewu ya kumudzi, maenje, mitsinje ndi katundu wolemera, ine ndimatsamira ku solid axle. Difu imakwera pamodzi ndi magudumu, choncho mpata wa pansi susintha ngakhale mwapachika matumba, zitsulo zake n'zochepa ndi zonenepa, ndipo ikavuta kutali ndi tauni munthu wa masipanala wamba atha kukufikitsani kunyumba. Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa pa phula, kukoka ngolo mitunda italiitali, IFS yosakwezedwa idzakusungirani msana. Koma kwa ife kuno pali funso loposa onsewa: chikathyoka, chipezeka kuti? Zipangizo za Land Cruiser ndi Hilux mumazipeza mu Lilongwe ndi Blantyre. Idler arm ya Silverado kapena habu ya Ram mungafunike kuitanitsa kunja, galimoto ili pa mastandi. Musanalipire, imbani m'mashopu awiri atatu mufunse zinthu zitatu: track bar kapena idler arm, ma ball joint, ndi habu. Mayankho ake akuuzani zambiri.

Poyesa galimoto musavomere kungozungulira pa msewu wosalala umene wogulitsa wasankha. Pezani msewu wopanda anthu ambiri wokhala ndi timabampu kapena mlatho, mangani lamba, yambani ndi liwiro lotsika n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 80, manja onse ali pa chiwongolero. Chikagwedezeka kamodzi n'kukhala bata, zili bwino. Chikagwedezeka kawiri katatu chisanakhazikike, vuto lili pakhomo ngakhale lisanalowe.

Kupeza mfundo zotha si chifukwa chothawira galimoto. Zonsezi zimasinthidwa, ndipo mtengo wake muuchotse pa mtengo wa galimoto, pamodzi ndi alainimenti. Zothawa ndi izi: chasisi yong'aluka pa bokosi la sitelingi kapena pa bulaketi ya track bar, zowotcherera zokayikitsa pamalo amenewo, ndi axle yopindika, imene imaonekera pa gudumu limodzi lopendekera mosiyana ndi linzake.

Ya alamu tinabwerera nayo ku Lilongwe pa liwiro la 50. Tinakonza bowo la bulaketi, tinaika track bar ina, tinasintha ma tie rod end onse ndi mabushi a mikono, n'kumangitsa zonse galimoto ili pa matayala ake. Tisanabwezere dampa ija tinakaiyesa pa msewu wa mabampu ilibe, kuti titsimikize kuti palibe chobisala, ndipo chiwongolero sichinatekeseke. Atayenda nayo sabata imodzi anabwera nayo kuti tipimenso mabawuti, ndipo tinawajambula mzere wa penti yoyera kuchoka pa mutu wa bawuti kufika pa bulaketi, kuti ikadzayamba kukhwefuka azidzaona ndi maso pongogwada.